Kamba Amene Ndinamuchotsera Mwala

Ana anga, nonse mukuchidziwa chigoba cha kamba chimene chimakhala pamwamba pa kabati kuchipinda kwanga, chija chili ndi kabowo pamsana. Munakula mukuchiona. Ena munkasungiramo mabatani, ndipo iwe Asiyatu unachisandutsapo mbale ya masanje mpaka malemu mayi ako anakuthamangitsa ndi chipande. Palibe anandifunsapo kuti chinachokera kuti, inenso sindinkafuna kunena. Mutu uno wa mbiri ya moyo wanga unayenera kubwera kutsogolo, ndikamaliza kulemba za ukwati ndi za kumanga nyumba, koma ndaulumphira chifukwa cha chithunzi chimene Asiyatu wanditumizira pafoni. Mdzukulu wanga Hawa waima pambali pa thanki yagalasi ku Lilongwe uko, madzi ali tho mpaka kukamwa, ndipo kakamba kakang'ono kakupalasa pagalasi. Nditaimba foni kuti madziwo atsitsidwe ndipo muikidwe mwala, iwe Asiyatu unaseka, n'kundiuza kuti wogulitsa anati kameneko n'kam'madzi, komanso kuti bambo ake a Hawa sakonda thanki yooneka yoperewera. Ine pafoni sinditha kukangana, ndiye ndangotenga cholembera.

Zaka zanga zoyamba pantchito, kwa a mbuna

Ntchito yanga yoyamba inali pakampani ina yaing'ono imene inkagwira mbuna, tinsomba tamawangamawanga tam'miyala tija, n'kumazitumiza kunja kuti anthu azikasunga m'nyumba zawo. Ndinalowa ngati wotsuka mathanki. Kapitawo wathu anali bambo Chipanda, mkhristu wa ku Anglican wochokera kutsidya la kum'mawa kwa nyanja, munthu wamfupi wosaseka wamba amene ankayenda ndi pensulo kukhutu ngakhale kunalibe cholemba. Iwowa anali ndi malamulo awiri okha, ndipo ankawanena ngati katekisimu: madzi asachepe, dzuwa lisalowe. Thanki iliyonse anaijambula mzere wa penti yofiira chapamwamba. Madzi akangotsika pamzerewo, ngakhale pang'ono ngati chikhadabo, tsiku limenelo sunkamwa tiyi. Mawindo onse a shedi tinawatchinga ndi ziguduli, chifukwa dzuwa likagunda galasi ndere zimamera ndipo madzi amatentha, nsomba n'kuyamba kupuma movutikira.

Malamulo amenewa anali oona, ndipo sindikuwanyoza. Ndi iwo tinkasunga nsomba zosalimba zija mpaka zikakwere ndege zili zamoyo. Vuto langa linali lina: maso. Chibadwire ndine munthu woti ndikaona chinthu ndimafuna kudziwa chifukwa chake. Tsiku lina ndinaima ola lathunthu, chotsukira chili m'manja, kuonerera mbuna yaikazi ikulavula ana ake m'kamwa n'kuwamezanso chithunzithunzi changa chikadutsa. Bambo Chipanda anandipeza ndili kukamwa yasa, n'kundifunsa ngati kampani inandilemba ntchito yoonera kanema. Komabe madzulo ake iwo omwe anandiitana n'kundionetsa mmene umadziwira nsomba imene yasunga mazira poyang'ana kukhosi. Ndinakhala nawo zaka khumi ndi chimodzi. Pochoka ndinkadziyesa katswiri wa chilichonse chokhala m'madzi.

Chaka chachinayi kuhotela, mvula itangotha

Kampani ija itatseka, ndinapeza ntchito pahotela ina yam'mbali mwa nyanja, kumpoto pang'ono kwa boma la Mangochi. Polandirira alendo panali thanki yaikulu, yotalika kuposa bedi, yokhala pachikhazikitso chasimenti, ndipo ineyo ndiye ndinali mwini wake wa ntchito imeneyo. Anandipatsa yunifolomu yoyera ndi dzina loti woyang'anira nsomba. Manijala wathu anali mayi Kachingwe, ochokera ku Blantyre, mayi olimbikira ntchito amene ankafika tonse tisanafike. Akamadutsa pathanki ankayendetsa chala pagalasi n'kuchiyang'ana. Ankandikonda chifukwa chalacho chinkabwerako choyera, ndipo pamaso pa alendo ankanditchula kuti Che Twaibu, dokotala wa nsomba.

M'mawa wina kunabwera msodzi ndi ndowa. Munali tiakamba titatu tam'madzi timene tinakodwa muukonde wake, tokula ngati chikhatho cha munthu wamkulu, takuda, tokhala ndi mapazi ophwatalala. Kwathu kuno ambiri amangoti nkhasi. Ana a alendo ataona tiakambato anakuwa ndi chimwemwe, ndipo mayi Kachingwe sanachedwe: anandifunsa ngati tingathe kukhala m'thanki. Ndinayankha mosaganiza n'komwe kuti inde. Ndine mwana wa msodzi, ndipo moyo wanga wonse akamba amenewa ndinkawaona akutuluka m'madzi, muukonde kapena m'mono. Chotuluka m'madzi chimabwerera m'madzi. Ndinawaponyamo, n'kuwonjezera madzi mpaka pamzere umene ndinajambula ndekha ndi penti yofiira.

Anzanga a kukhitchini ndiwo anawapatsa mayina. Wamkulu pa onse, amene ankakankha anzake pachakudya, anamutcha Kapitawo. Wachiwiri anamutcha Mlendo poti ankangoyang'ana panja. Wamng'ono anamutcha Chitseko, chifukwa akamva phokoso ankabweza mutu n'kutseka kutsogolo kwa chigoba chake chapansi, phaa, ndipo ine ndinali ndisanaonepo kamba wochita zimenezo. Masabata oyamba zinthu zinayenda bwino, kupatula kuti anadya mbuna zisanu ndi imodzi, zokongola zokhazokha, mpaka zotsalazo ndinazisamutsira kuthanki ina. Ndinkawapatsa usipa, nkhono ndi nyongolotsi. Koma panali khalidwe lina limene linkandidabwitsa. Tsiku lililonse chakum'mawa ankalimbirana paipi ya pampu imene inkatsikira m'madzi pakona. Wina ankaikumbatira ndi zikhadabo n'kudzikoka mpaka msana utatuluka, wina n'kukwera pamsana pa mnzakeyo, onse n'kugwera limodzi. Ine ndinkati akufuna kuthawa. Ndinkawakankhira pansi ndi ndodo ya kaukonde, mwachikondi ndithu, n'kumawauza kuti akhale m'madzi angafe.

Patatha miyezi itatu, pazigoba pawo panayamba kuoneka timawanga toyera. Kenako maso a Mlendo anatupa, anasiya kudya, ndipo nditamunyamula ndinamva fungo ngati la chilonda. Ndinachita zonse zimene bambo Chipanda anandiphunzitsa. Ndinasintha madzi kawiri pamlungu, ndinathiramo mchere, ndinathiramo mankhwala a buluu a nsomba aja, ndinatchinganso windo lapafupi ndi katani yokhuthala poganiza kuti mwina ndi dzuwa. Mlendo anafa mwera ukuwomba. Ndinamupeza akuyandama, miyendo ili lendee, ndipo sindinadziwe chimene chinamupha.

Mwezi womwewo, kudooko

Nkhaniyi ndinaifotokoza kunyumba mongodandaula. Mayi anu, Abiti Jafali, ankasankha nyemba pakhonde, ndipo sanadzutse n'komwe mutu. Anangofunsa kuti, "Nanga akambawo amawothera pati?"

Ndinawafunsa kuti kuwothera chiyani. Apo ndiye anaika lichero pansi n'kundiyang'ana ngati ndine mlendo wochokera kumapiri. Anandiuza kuti kudooko kumene ankachapa, kumunsi kwa Mponda kumene Shire amatuluka m'nyanja, m'mawa uliwonse akamba amandanda pachipika ngati anthu odikira minibasi. Amakhala pamenepo mpaka msana utauma kuti gwa. Ndinatsutsa, n'kunena kuti ndakulira pamadzi ndipo sindinaonepo zimenezo.

"Inu amuna mumafika ndi phokoso, nkhafi gugugu, kuitanizana," anatero. "Akangokumvani amadziponya m'madzi. Mumakumana nawo muukonde basi. Ife timakhala nawo."

Safunsa anadya phula. Zaka zonsezo ndinkagona nyumba imodzi ndi munthu wodziwa, koma ine dokotala wa nsomba sindinaganizepo zofunsa munthu wochapa. Tsiku langa lopuma ndinawanyamulira beseni la zovala n'kupita nawo. Azimayi akudooko anandiseka mpaka ena kugwira m'mimba. Wina anafunsa Abiti Jafali kuti anandidyetsa chiyani, wina anandipatsa sopo kuti ndiyambepo matewera. Mayi anu anandikhazika kuseri kwa bango, n'kundiuza kuti ndisatsokomole, ndisaloze, ndisafunse mafunso mpaka atandiitana. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinakhala pamenepo mpaka miyendo inachita dzanzi.

Dzuwa litafika pachipika, ndinaona kamphuno kakutuluka m'madzi. Kanakhala nthawi yaitali osasuntha. Kenako panatuluka mutu, kenako zikhadabo zinagwira khungwa, ndipo kamba anadzikoka pang'onopang'ono mpaka yense atatuluka. Anatembenuka kuti msana uloze kudzuwa, n'kutambasula khosi, n'kuwongola miyendo yakumbuyo mpaka zala zonse zitayanzika ngati munthu amene wangodzuka. Anabwera wina, ndi winanso, mpaka asanu ndi awiri. Ndinaona zigoba zikusintha kuchoka pakuda konyezimira kufika potuwa mouma. Tsekwe atadutsa chapafupi onse anagwera m'madzi kamodzin'kamodzi, chubwi, koma pasanathe nthawi yaitali timphuno tija tinayambanso kutuluka. Pamenepo ndinakumbukira paipi ya pampu ija ndi ndodo yanga, ndipo manyazi anandigwira.

Atachoka ndinalowa m'madzi kukachiona chipikacho. Ndinkafuna kudziwa chifukwa chake anasankha chimenecho, osati china chimene chinali pafupi pomwepo. Ndinapeza kuti mbali imodzi inkalowa m'madzi motsetsereka pang'ono, khungwa lake linali lokhakhala, sichinkagwedezeka ukachiponda, pansi pake panali pakuya poti n'kuthawirapo, ndipo kumbuyo kwake bango linkachibisa. China chija chinali chosalala komanso chili poyera. Ndinagwira pamwamba pake ndi dzanja, panali pofunda bwino ngati njerwa ya masana.

Milungu ya zoyesayesa

Mayi Kachingwe sanakondwe nditawapempha kuti nditsitse madzi, koma poti kamba mmodzi anali atafa kale, anandilola kuti ndiyese. Ndinachotsa madzi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo kunena zoona podutsa mzere wofiira uja ndinkangomva ngati bambo Chipanda aima kumbuyo kwanga. Poyamba ndinaikamo thabwa loyandama. Kapitawo atangoligwira linapendekeka n'kumugwetsa chagada. Ndinatola mwala waukulu wosalala kunyanja, wokongola kwambiri, koma zikhadabo zinkangoterera. Ndinaunjika miyala ing'onoing'ono, ndipo tsiku lachiwiri muluwo unagumuka n'kupanikiza Chitseko pansi pa madzi. Mwayi ndinali pomwepo. Tsiku limenelo ndinaphunzira kuti kamba wam'madzi naye amamira.

Chimene chinagwira ntchito chinali chosaoneka bwino. Ndinaimika mizati iwiri ya njerwa zowotcha, motalikirana kuti kamba azitha kudutsa pakati osakanirira, n'kugonekapo mwala wophwatalala wokhakhala umene ndinaupeza kuphiri. Pokwerera ndinaika kathabwa kotsetsereka, n'kukakulunga ndi chidutswa cha ukonde wakale kuti zikhadabo zizigwira. Mwalawo unatuluka pamwamba pa madzi moti sunkanyowa, koma unali patali ndithu ndi kukamwa kwa thanki kuti asatulukire panja. Poti m'chipindamo simunkafika dzuwa lokwanira, ndinapempha wamagetsi kuti andilendewezere babu pamwamba pa mwalawo. Ndinkayesa kutentha ndi kuseri kwa dzanja, kukweza, kutsitsa, mpaka ndinamva kufunda kwa chipika chija. Magetsi masiku amenewo ankazimazima, ndipo jenereta inali ya mafiriji ndi zipinda za alendo, osati ya akamba.

Mlendo wina wamkazi, dokotala wa ziweto amene anabwera kumsonkhano, anaima nthawi yaitali kuyang'ana zimene ndinamangazo. Anandiuza kuti babu wamba limapereka kutentha kokha, pamene m'dzuwa muli mphamvu ina yosaoneka imene imalimbitsa chigoba ndi mafupa, ndipo mphamvu imeneyo sidutsa pagalasi. Anati kuli mababu apadera, koma n'ngochokera ku Joni. Ndinalemba pempho, ndipo linayenda ulendo umene mapempho onse ankayenda nthawi imeneyo, wopita osabwerera. Nkhani ya kuwala kosaoneka ija inandizunguza mutu masiku ambiri. Ndinkaima padzuwa n'kumayang'ana dzanja langa kupyolera m'tambula, kufuna kuona chimene chatsalira kunja.

Vuto lalikulu linali loti palibe anawaonapo akukwera. Polandirira alendo ndi pamsika: masutikesi, belu, ana ogogoda pagalasi. Patatha milungu iwiri mayi Kachingwe anandiuza kuti ndawononga thanki yawo pachabe, akambawo alibe nazo ntchito njerwa zangazo. Mumtima ndinayamba kukayika. Ndiye ndinakumbukira bango lija. Tsiku lina masana, alendo atapita kukakwera boti, ndinatapa phulusa kukhitchini n'kuliwaza mopyapyala pamwala ponse, ndinatchinga kona imeneyo ndi kamphasa, n'kuchoka. Nditabwerera patatha ola ndinapeza akamba onse ali pansi pa madzi ngati sanachite kanthu. Koma paphulusa panali nkhani yonse: tizikhadabo, malo awiri ozungulira pamene anagona, ndi kamzere ka mchira. Ndinasangalala ngati mwana. Ndinathamanga kukaitana mayi Kachingwe, ndipo iwo atayang'ana ananena kuti phulusalo lidetsa madzi. Komabe anandilola kusiya kamphasako. M'mwezi umodzi mawanga anayamba kuuma, ndipo Kapitawo anayambanso kulanda anzake usipa, ngakhale mnzake anali atatsala mmodzi.

Chaka chotsatira, nyengo yozizira

Eni hotela analengeza kuti akubwera ndi anthu ojambula zithunzi zotsatsira malonda. Kunali kupenta, kudula kapinga, kusintha makatani. Mayi Kachingwe anandiitanira muofesi n'kundiuza kuti njerwa, thabwa, mphasa ndi babu zonse zichoke, madzi adzaze mpaka pamwamba kuti thanki ioneke ngati nyanja. Anati ndi za milungu iwiri yokha. Ndinayesa kufotokoza, koma anandidula mwaulemu, n'kunena kuti iwonso ali ndi owalamula, ndipo hotela si chipatala cha akamba.

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetse bwino, chifukwa sindidzibisa. Nthawi ya Mlendo sindinkadziwa. Nthawi iyi ndinkadziwa. Ndinkadziwa chimene madzi odzaza amachita, ndinali nditachiona ndi maso, ndipo ndinakachotsa mwalawo ndi manja angawa. Ndinaganiza za inu kusukulu, za nyumba imene inali isanafoleredwe, za yunifolomu yoyera ndi dzina lija la dokotala limene ndinkalikonda kuposa mmene ndinkavomerera. Ndinadziuza kuti milungu iwiri si kanthu. Potulutsa mwalawo Kapitawo anali atagonapo, ndipo ndinachita kumukankha.

Ojambula anabwera n'kupita. Eni ake anayamikira thankiyo, ndipo chifukwa cha kuyamikirako milungu iwiri inasanduka mwezi, mwezi n'kusanduka miwiri. Ndikakumbutsa, mayi Kachingwe ankandiuza kuti tidikire kaye msonkhano wina uthe. Mwera unkawomba, madzi anazizira, ndipo m'mawa uliwonse ndikamapukuta galasi ndinkapeza awiriwo atakumbatira paipi pakona pomwe panali mwala. Sindinkawakankhanso. Ndinkangoyang'ana kumbali n'kumapukuta. Ndinayesapo kuwatulutsira m'beseni panja, koma ola la dzuwa linalinso la alendo, ndipo thanki yopanda akamba inandibweretsera chenjezo. Mayi anu anandifunsa kamodzi kokha ngati mwala unabwerera. Sanafunsenso.

Kapitawo anafa Lachinayi m'mawa. Pomutulutsa ndinamugwira pamsana monga mwa nthawi zonse, ndipo chala changa chachikulu chinalowa m'chigoba ngati m'papaya lakupsa. Ndinaima pamenepo, madzi akuyenderera m'manja mwa yunifolomu. Ndinamva chisoni, koma chachikulu chinali mkwiyo, ndipo sunali wokwiyira mayi Kachingwe. Sindinamutaye kudzala. Ndinamukulunga m'pepala, n'kukamuika pachulu kuseri kwa nyumba yathu kuti nyerere zigwire ntchito yawo.

M'mawa wa Lachisanu

Ndinafika molawirira, n'kutsegula mpopi wotulutsira madzi osapempha munthu. Mayi Kachingwe anandipeza nditapinda malaya, ndikuimika njerwa yachiwiri. Chitseko anali pakona, mawanga ali mbuu, diso limodzi litatsekeka. Mayi Kachingwe anafunsa mosakweza mawu kuti ndani wandituma.

"Palibe, mayi," ndinatero. "Dzulo ndataya wachiwiri. Uyu sindimupha."

"Che Twaibu, mukufuna kutaya ntchito chifukwa cha kamba?"

Ndinawayankha kuti ntchito sindikufuna kuitaya, ndili ndi ana asanu. Koma ndinati ngati thankiyo iyenera kukhala yodzaza, aikemo nsomba, ine ndiziwalitsa galasi mpaka adzione nkhope, ndipo kambayo andipatse. Ngati kamba akhalamo, mwala ukhalamonso. Anyamata a polandirira alendo ankanamizira kulemba.

Sanandichotse ntchito, koma sanandikhululukire kuwayankha pamaso pa antchito. Masana omwewo ndinalandira kalata. Thanki inapatsidwa kwa wina, inadzazidwa ndi mbuna, Chitseko anandisiyira, ndipo ine ananditumiza kukatsuka dziwe losambiramo alendo ndi ngalande za kuseri. Yunifolomu yoyera ndinabweza n'kulandira ovolosi ndi majombo, malipiro nawo anatsika. Anzanga ena ankandiitana kuti bambo a kamba. Nditafika kunyumba n'kufotokoza, mayi anu anapumira m'mwamba, n'kunena kuti kamba amanyera amene wamutola. Kenako anandifunsa kumene ndamuika.

Kuseri kwa nyumba yochapira kunali thanki yakale imene inatayidwa chifukwa inang'aluka chapakati, moti sinkasunga madzi kupitirira theka. Pahotela yonse imeneyo ndiyo inali yokhayo yogwirizana nane. Ndinaiika poti dzuwa lam'mawa lizigwera pamwala mwachindunji, popanda galasi kapena denga, koma theka linalo likhale pamthunzi wa mtengo wa mango kuti madzi asatenthe. Pamwamba ndinayala waya wa khola la nkhuku kuopa ng'azi ndi akhwangwala, ndipo mbali yodutsa anthu ndinatchinga ndi bango. Babu la ku Joni silinafunikenso. Mlungu woyamba Chitseko sanadye ndipo ndinkaopa kuti ndachedwa. Mlungu wachiwiri ndinabwereza nzeru ya phulusa ija, n'kupeza kamzere ka mchira. Pang'onopang'ono diso linatseguka, zowola zinauma n'kufunduka, pansi pake n'kutsala zipsera zoyera koma zolimba. Ndinabowola kabowo m'bango, ndipo nthawi ya tiyi ndinkaima pamenepo kumuonerera. Ndinaphunzira kuti kukakhala mitambo amakhalitsa, akadya kwambiri amafulumira kukwera, ndiponso kuti amagona tulo ndithu, mutu utatsamira pamwala.

Patapita miyezi ingapo, m'mawa wina ndikuchokera kungalande, ndinaona munthu atawerama pakabowo kanga. Anali mayi Kachingwe, mafayilo ali kukhwapa. Ndinaima osadziwa chochita. Anandikodola ndi dzanja kuti ndisapange phokoso, n'kunong'ona osachotsa diso pabango, "Ndiye amawongola miyendo chonchi?" Ndinati inde. Anakhala kanthawi, kenako anawongoka, n'kundiuza kuti m'dziwe mwagwera masamba. Sitinakambiranenso za nkhaniyi mpaka pamene anasamuka. Kudziwe ndinakhalako zaka zitatu, ndipo denga la nyumba yathu linachedwa ndi zaka ziwiri. Amene munkagona kuchipinda chodontha chija, tsopano mwadziwa chifukwa chake.

Chitseko chigoba chitalimba bwinobwino, ine ndi mayi anu tinamunyamula m'ndowa n'kukamusiya kudooko, pafupi ndi chipika chija. Sanatsanzike. Kwa zaka zingapo mayi anu ankabwera kochapa n'kundiuza kuti amuona, wa zipsera zoyera uja, ali pakati pa anzake. Sindikudziwa ngati ankanena zoona kapena ankangondisangalatsa, ndipo sindinafune kufufuza, ine amene ndimafufuza chilichonse.

Chaka chino, nditapuma

Asiyatu, mayi ako akanakhala ndi moyo akanakufunsa funso limodzi lija n'kupitiriza kusankha nyemba zawo, nkhani n'kuthera pomwepo. Ine zanditengera masamba onsewa. Zofunika si zambiri, ndipo waziwerenga kale: mwala wouma wosagwedezeka, pokwerera pokhakhala, dzuwa lenileni mbali imodzi ndi mthunzi mbali inayo, komanso pobisala. Ukapanda kukaona kakukwera usafulumire kunena kuti sikafuna. Waza phulusa, umutenge Hawa mupite kumsika, mukabwerako muwerenge limodzi zimene kalemba. Bambo ake a Hawa uwauze mwaulemu kuti thanki yodzaza ndi yokongoladi, inenso ndinaiwalitsapo miyezi iwiri.

Masamba awa ndikuwatumiza ndi mlamu wako amene akubwera kumeneko Loweruka, pamodzi ndi kabokosi. M'kabokosimo muli chigoba chija. Uli mwana unkakonda kulowetsa chala pakabowo ka pamsana, n'kumafunsa mayi ako kuti anaboola ndani, iwo n'kumakuuza kuti ukafunse bambo ako, koma sunabwere. Ndinaboola ndine, ndipo sindinachite kukankha. Ulowetsemonso chalacho, kenako upite ukaone pakona pa thanki yanu, pamene pali paipi.